Kulumikiza jigsaw: kusankha yabwino, kuiyala ndi kuimaliza

Jigsaw ndi chithunzi chomatidwa pa katoni yolimba kapena pa thabwa, kenako n'kudulidwa tizidutswa tambirimbiri tolowerana. Ntchito yanu ndi kuchibwezera mwakale. Anthu ambiri amene anayesapo n'kusiyira panjira amadziimba mlandu kuti alibe mtima wodekha. Ine sindivomereza msanga. Nthawi zambiri vuto limakhala litayambira kogula: tizidutswa tochuluka kuposa msinkhu wa munthu, chithunzi chomwe theka lake ndi thambo lokhalokha, katoni yofewa moti kachidutswa kalikonse kamalowa paliponse. Ndi katundu wotere, ngakhale woleza mtima bwanji amafika pogwa ulesi. N'chifukwa chake tiyambira pa kusankha, ndipo pamenepo tichedwapo ndithu.

Ngati n'koyamba, tengani ya tizidutswa 300 kapena 500. Musakopeke ndi ya 1000 poganiza kuti ndi 500 ziwiri basi. Tizidutswa tikachuluka kawiri, mipata yodzaza imachuluka kawiri, komanso pa mpata uliwonse maso anu amafufuza mulu waukulu kawiri. Onaninso kukula kwake, amalemba m'mbali mwa bokosi. Ya kampani ya Ravensburger ya 500 imakhala pafupifupi masentimita 49 ndi 36, ya 1000 imafika 70 ndi 50, pomwe ya 2000 ndi 98 ndi 75, yosakwana pa katebulo ka pabalaza. Ngati mukugulira agogo amene maso ayamba kuvuta, funani yolembedwa kuti tizidutswa take n'tikulutikulu. Ndipo m'nyumba momwe muli mwana wosafika zaka zitatu, kumbukirani kuti chilichonse chimene watola chimapita kukamwa.

Chithunzi ndiye nkhani yaikulu kuposa nambala. Chokongola pakhoma sindiye chokoma polumikiza. Dzuwa likulowa panyanja, phiri lokutidwa ndi chipale chofewa, nkhalango yobiriwira mbali zonse, zonsezi zimakopa pa chivundikiro, koma mukakhutula mumapeza tizidutswa mazanamazana tofanana ndendende. Choyambira chabwino ndi chithunzi chodzaza: msika, msewu wa masitolo okhala ndi zikwangwani, mashelefu a mabuku, mbalame zamitundumitundu, mapu. Gwirani bokosi, tsekani mbali zina ndi dzanja n'kusiya kadanga kochepa ngati chala chachikulu. Mukatha kudziwa kuti kadangako kali pati pa chithunzi, yesaninso malo ena anayi kapena asanu. Ngati ambiri akuzindikirika, gulani.

Mapu ndimawakonda mwapadera kwa oyamba kumene, ndipo masewerawa anayambira komweko. John Spilsbury, wojambula mapu wa ku London, cha m'ma 1760 ankamata mapu pa thabwa lopyapyala n'kumacheka motsata malire a mayiko kuti ana aphunzirirepo za malo. Mpaka lero mapu ndi osavuta chifukwa kachidutswa kalikonse kamanyamula chilembo, mtsinje kapena malire. Amene akufuna kudzizunza dala aliponso ndi zawo: Ravensburger ili ndi mtundu wotchedwa Krypt, wopanda chithunzi n'komwe, utoto umodzi kuyambira kumwamba mpaka pansi. Imeneyo idikire kaye.

Tsopano katoni yeniyeniyo. Jigsaw za katoni zinafala kwambiri m'ma 1930 ku America, nthawi ya mavuto aakulu a zachuma, pamene anthu opanda ntchito ankafuna chotayitsa nthawi chotchipa, ena mpaka kuchita kubwereka pa kandalama kochepa m'masitolo ndi m'malaibulale. Chinatsitsa mtengo ndi kadulidwe: m'malo mocheka kamodzikamodzi ndi sowo, makina amadinda chithunzi chonse ndi chikombole cha mipeni yachitsulo yopindikapindika. Ubwino ndi kuipa kwa jigsaw kumachokera pamenepo. Mipeni yakuthwa imadula bwinobwino. Mipeni yobuntha imang'amba, imasiya fumbi lambiri m'thumba, ndipo tizidutswa tina timatuluka tidakagwirana tiwiritiwiri, moti polekanitsa pepala lakumbuyo limasendeka.

Mukakhala ndi mwayi wogwira kachidutswa musanagule, chitani izi. Kapanikizeni pakati pa zala ngati mukufuna kukapinda; kabwino kamakana, ndipo kuchindikala kwake kumayandikira mamilimita awiri. Kandani pakona ndi chikhadabo kuti muone ngati pepala la chithunzi likumatuka. Kapendekeni pakuwala: konyezimira ngati galasi kadzakuvutitsani usiku, chifukwa getsi limabwerera m'maso n'kubisa utoto, pomwe kosanyezimira kapena kokhala ndi timizere ngati nsalu kamaoneka bwino mbali iliyonse. Chomaliza, yang'anani tizidutswa khumi pamodzi. Ngati timitu take, tija totulukira kunja, ndi timipata take, momwe timitu ta tinzake timalowa, n'tofanana tonse kukula, bwezerani pa shelefu. Jigsaw yotero imanamiza: kachidutswa kamalowa pomwe si pake, inu n'kupitiriza kumanga, n'kudzazindikira mawa lake kuti mbali yonse yapotoka. Palibe chotopetsa pa masewerawa choposa chimenechi. Yabwino imakuuzani yokha. Kachidutswa koyenera kamalowa mosakakamiza n'kukhala thasa, ndipo mutha kunyamula chigawo cha tizidutswa makumi awiri osayoyoka.

Mayina amene mungakumane nawo kawirikawiri ndi Ravensburger ya ku Germany, yomwe ili ndi kachizindikiro ka buluu ka makona atatu pangodya ya bokosi, Clementoni ya ku Italy, Educa ya ku Spain, Trefl ya ku Poland, ndi Gibsons ya ku Britain. Zambiri mwa izi zimadulidwa m'mizere yowongoka, yopingasa ndi yotsika, moti makona anayi amakumana pamodzi. Zina, monga za Cobble Hill ya ku Canada, zimadulidwa mosatsata mzere, kachidutswa kalikonse n'kaonekedwe kakekake. Zoterezi sizinamiza kwenikweni, koma zimafuna kuzolowera chifukwa ena mwa machenjerero ali m'munsimu sagwira bwino pa izo. Kulinso zathabwa zodulidwa ndi laser, monga za Wentworth ku England, momwe mumapezeka tizidutswa tooneka ngati galu, maluwa kapena munthu. N'zokoma m'manja, koma mtengo wake ndi woluma.

Zogwiritsidwapo kale ntchito musazinyoze. Abale amene ali ku Britain akudziwa kuti masitolo a mabungwe achifundo amakhala ndi milu ya jigsaw zotchipa, ndipo kwathu kuno nthawi zina zimatulukira pakati pa zidole za pa kaunjika. Vuto lake ndi limodzi: kodi tonse tilimo? Pofuna kudziwa, musadalire nambala ya pa bokosi. Ambiri mwa mabokosi olembedwa 1000 amakhala ndi toposa pamenepo pang'ono, chifukwa mizere iyenera kukwanirana. Mwachitsanzo, tizidutswa 38 m'litali ndi 27 m'lifupi timakwana 1026. Ndiye mutha kuwerenga 1000 ndendende n'kusangalala pomwe 26 tasowa. Njira yodalirika ndi kulumikiza m'mphepete kaye, kuwerenga mbali ziwirizo n'kuchulukitsa. Pogula, kungoona ngati thumba lamkati lidakali lomata kumakwanira.

Mwafika nayo kunyumba. Musatsegule musanakonze malo. Jigsaw ya 1000 imatenga masiku, ndipo tebulo lodyera lidzafunika madzulo ano. Pezani thabwa la pulaiwudi kapena katoni yaikulu yosapindika, monga yomwe munabwera TV kapena firiji, yoposa kukula kwa chithunzi ndi chikhatho chimodzi mbali zonse. Mukatopa mumangovundikira ndi katoni ina n'kulowetsa kunsi kwa bedi kapena pamwamba pa kabati. Alipo amene amagula nsalu yapadera yoti azikulungiramo jigsaw yosatha. Imathandiza posunga malo, koma zigawo zomwe sizinagwirane zimabalalika pokulunga, ndiye ine ndimasankha thabwa. Likhale la utoto umodzi, loyera kapena lotuwa. Pa nsalu ya maluwa tizidutswa timabisala.

Kuwala n'kofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Kwa masana, pafupi ndi windo, ndiye kwabwino kwambiri, chifukwa buluu wakuda ndi wakuda weniweni amasiyana bwino. Usiku ikani nyale chambali, osati pamwamba penipeni pa mutu. Magetsi akazima, nyale ya sola ingakuthandizeni pa zigawo zowala, koma zakuda zisiyireni m'mawa. Kandulo ayi: phula likadontha pa chithunzi silichoka, ndipo katoni ndi moto sizigwirizana.

Tsegulani thumba, khutulirani m'sefa ya mabowo aakulu kapena m'lichero, gwedezani pang'ono kuti fumbi la katoni lichoke. Kenako pakubwera ntchito yomwe ambiri amailumpha, n'kudzalira nayo pambuyo: kutembenuza kachidutswa kalikonse kuti chithunzi chiyang'ane kumwamba. Pa 1000 zingakutengereni theka la ola kapena kuposa. Musaone ngati nthawi yotayika. Potembenuzapo maso akuloweza, ndipo mawa mudzadabwa dzanja likupita lokha pomwe pali kachidutswa ka theka la gudumu la njinga komwe munakaona dzulo. Ntchitoyi ili ngati kusankha nyemba, imakoma anthu akakhala awiri akucheza.

Mukutembenuza choncho, patulani tonse ta mbali imodzi yowongoka, pamodzi ndi tinayi ta m'makona. Totsalato tigaweni pa mathireyi, m'mbale zafulati kapena pa zivundikiro za makatoni a nsapato, malinga ndi chithunzi chanu: ta thambo, ta masamba, ta nyumba, tokhala ndi zilembo kapena nkhope, ndi mulu umodzi wa tosadziwika. Milu isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana. Mukapitirira pamenepo mudzathera tsiku lonse mukukangana nokha ngati kachidutswa kofiirira kapite ku zofiira kapena ku zakhofi. Chachikulu n'chakuti tisasanjikizane. Kachidutswa kophimbidwa ndi kanzake kali ngati kosowa.

Lumikizani m'mphepete. Ikani makona m'malo mwake moyang'ana pa bokosi, kenako mangani timizere tifupitifupi ta utoto wofanana n'kumatilumikiza. Pafupifupi nthawi zonse kamodzi kapena tiwiri timasowa. Musagwetse nyumba pofunafuna. Tili mu milu ija, tidzatulukira tokha. Mukatseka, yezani ndi tepi kapena lula n'kufanizira ndi nambala za pa bokosi. Mbali imodzi ikatalika kapena kufupika kuposa inzake yoyang'anizana nayo, pali kachidutswa komwe kakhala pa malo a eni. Ndi bwino kukagwira panopa. Komabe kuyamba ndi m'mphepete si lamulo. Ngati mphepete yonse ndi yakuda bii kapena yoyera mbee, isiyeni, yambani pakati, idzakhala yosavuta zamkati zikafika pafupi.

Zamkati muyambe ndi chomwe chikukuwa kwambiri: chikwangwani cholembedwa, denga lofiira, diresi la mizeremizere, nkhope ya munthu. Mangani tizilumba timeneti padera, ngakhale kunja kwa mphepete, kenako tsetserekani kalikonse ndi kapepala kolimba kupita nako pomwe kayenera kukhala. Tizilumba tikachuluka timayamba kufikirana, ndipo mphindi yomwe kachidutswa kamodzi kagwirizanitsa zigawo ziwiri zomwe munamanga masiku osiyana ndi imene imachititsa anthu kugulanso bokosi lina.

Pali njira ziwiri zofufuzira, ndipo kudziwa nthawi yosinthira ndiye luso lenileni. Poyamba, mipata ikadali yambiri, tolani kachidutswa, kayang'anitsitseni, funani pa bokosi pomwe kakuchokera. Chapakati, tembenuzani: yang'anani mpata, ndipo muufotokoze, ngakhale mokweza mawu. “Ndikufuna ka mitu iwiri yoyang'anizana, kumanzere kobiriwira, kamzere koyera kodutsa chapansi, mutu wakumanja wopendekera m'mwamba.” Mukatero maso amasiya kuyendayenda. Chenjerani ndi chimodzi: utoto wa pa bokosi ndi wa pa tizidutswa sufanana ndendende nthawi zonse, komanso chinthu chomwe pa bokosi n'kadontho, pa kachidutswa chimakhala chachikulu. Kadiso ka mbalame katha kudzaza kachidutswa konse.

Mukakayika ngati kalowa pake, musakhomerere ndi chibakera. Yendetsani chala pamwamba. Pakakhala kaphiri, si pake. Nyamulani tiwirito muyang'anire kowala: kuwala kukadutsa pa mzere, si pake. Kapena titembenuzeni muone kumbuyo, komwe kulibe chithunzi chokunyengani. Kachidutswa kokakamizidwa kamathyoka khosi, ndipo kamutu kakapindika kamodzi sikawongokanso.

Kenako limafika thambo. Aliyense amafikapo: zokongola zonse zatha, kwatsala tizidutswa 150 ta buluu. Apa siyani kuyang'ana chithunzi, yambani kuyang'ana maonekedwe. Pa jigsaw yodulidwa m'mizere, tizidutswa tamkati tili m'magulu asanu ndi limodzi okha: topanda mutu, ta mutu umodzi, ta mitu iwiri yoyang'anizana, ta mitu iwiri yoyandikana, ta mitu itatu, ndi ta mitu inayi. Gulu la mitu iwiri yoyang'anizana ndi lomwe limachuluka. Ndandalikani gulu lililonse m'mizere, tonse titaloza kumodzi. Mukatero mudzaona zomwe zinabisika mu mulu: aka n'kotalika, ako n'konenepa, aka mapewa ake ndi otsetsereka. Mudzaonanso kuti buluu uja sanali mmodzi. Thambo limawala chakumunsi, pafupi ndi mapiri kapena madenga, n'kumadera mukamakwera, ndiye sanjani kuyambira towala mpaka toderako.

Sankhani mpata womwe wazunguliridwa mbali ziwiri kapena zitatu, chifukwa umakuuzani zambiri. Ngati ukufuna mutu kumanzere ndi mpata kumwamba, magulu ena agwa kale. Yesani totsalato kamodzikamodzi motsata mzere, komwe kakana mukasunthire pambali pang'ono kuti musakabwereze. Zimaoneka ngati ntchito ya kalaliki, koma kalikonse kolowa kamachepetsa mulu, ndipo makumi atatu omaliza amathamanga okha.

Zikakanikiratu, dzukani. Zungulirani tebulo muyang'anire chithunzi chadodolido, kapena chijambuleni pa foni n'kuyang'ana pa sikirini. Mpata womwe unakuzunzani ola lathunthu nthawi zambiri umadzazika mphindi yoyamba mukabwerako kokamwa tiyi. Msana ndi khosi nazonso zimafuna kupuma, chifukwa munthu amawerama osazindikira. Tiyiyo mumwere kutali ndi thabwa. Katoni ikamwa madzi imafufuma, ndipo ngakhale iume sibwerera.

Za liwiro musadandaule nazo. Ku Valladolid, ku Spain, kumachitika mpikisano wa dziko lonse kuyambira 2019, ndipo akatswiri kumeneko amamaliza ya 500 mphindi 40 zisanakwane. N'zodabwitsa kuonera, koma ndi masewera ena. Pakhomo, ya 500 ikakutengerani madzulo atatu kapena sabata, ndalama yanu yagwira ntchito nthawi yaitali.

Kulumikiza ndi ena kuli ndi mwambo wake. Gawanani zigawo kuti manja asagundane, ndipo wina akakhala akulimbana ndi denga lake, musamulande kachidutswa m'manja ngakhale mukuona pomwe kalowe. Muuzeni chabe, “Achimwene, tayesani chakumanzereko.” Mwana mupatseni chinthu chodziwika, monga galimoto yachikasu, ndi tizidutswa take tonse pa mbale yakeyake, akamaliza adzabwera yekha kudzafunsa china. Agogo akakhala pomwepo, asendezereni thireyi ya zilembo ndi nkhope kufupi ndi kuwala. M'banja lililonse mumapezeka mmodzi wobisa kachidutswa m'thumba kuti adzaike komaliza. Ameneyo mumudziwiretu.

Mwafika kumapeto ndipo mpata umodzi watsala. Musanaimbe mlandu fakitale, yang'anani pansi pa thabwa, m'mapindiro a bokosi, m'thumba la pulasitiki lija, m'mphako za sofa, ndi pa mkono wa juzi yanu, chifukwa tizidutswa timakakamira pa ubweya n'kukagwera kuchipinda china. Funsaninso amene anasesa m'mawa. Ndi bwino kumuchenjeza tsiku loyamba lomwe kuti zinyalala za pabalaza aziziyang'ana asanataye. Kakasoweratu, pangani kanu. Lowetsani pepala loyera pansi pa mpatawo, jambulani malire ake ndi pensulo yosongoka, matani pepalalo pa timakatoni topyapyala tosanjikiza mpaka kuchindikala kufanane ndi tinzake, dulani ndi lezala pang'onopang'ono, n'kupaka utoto ndi mapensulo amitundu. Pa thambo kapena pa masamba, mlendo sangazindikire.

Yatha. Isiyeni tsiku limodzi kapena awiri kuti a m'nyumba aione, ijambuleni. Ngati mukufuna kuipachika, lowetsani pulasitiki pansi pake, thirani guluu woyera wa mapepala kapena wa matabwa, amene amaonekera mkati akauma, mumuyale mopyapyala ndi kakhadi kolimba kuti alowe m'mizere, ndipo musaikhudze mpaka mawa. Ikapindikira m'mwamba, pakaninso kumbuyo, ikauma muitsindike ndi mabuku. Yesani guluuyo pakona kaye. Ikani mu felemu kutali ndi dzuwa, lomwe limafufutsa utoto.

Ine zambiri ndimaphwasula, chifukwa jigsaw yomatidwa yasanduka chithunzi wamba, pomwe ya m'bokosi ingasangalatse nyumba zina zisanu. Phwasulani mofatsa, mukupinda zigawo pang'onopang'ono kuti timitu tisathyoke, osati kukokera mbali ziwiri. Thirani m'jumbo yosabooka, mangani, ndiye muike m'bokosi. Bokosi lokha limatayitsa m'makona. Sungani pamalo okwera ndi ouma, chifukwa nyengo ya mvula katoni imachita chuku, ndipo mphemvu ndi chiswe zimaikonda. Ta m'mphepete ena amatiika m'kajumbo kapadera kuti ulendo wina asavutike, ena amati kutero n'kulanda mnzako theka la chisangalalo, ndiye ngati mukubwereketsa funsani mwini kulandira. Mkati mwa chivundikiro lembani ndi pensulo ngati tonse tilimo, kapena kuti kasowa kamodzi ndi malo ake, kuti wotsatira asadzagwade pansi pa sofa kufunafuna kachidutswa komwe kanasowera kwanu.